Masewera a mawu ndi zisudzo zakale: phindu lagona pa funso

Aphunzitsi, mwafunsa ngati masewera a mawu angathandize ana a zaka 7 mpaka 10 kubwereza zisudzo zakale zimene mwawaphunzitsa, ndipo mwatchula za William Shakespeare, mlembi wa zisudzo wa ku England. Angathandize ndithu, koma masewerawa sagwira ntchito mofanana, ndipo amene ana ambiri amawathamangira ndi omwe phindu lake ndi lochepa.

Ndikunena za masewera aja ofufuza mawu obisika pakati pa zilembo zambirimbiri. Mwana akapatsidwa mndandanda wa mayina a m'sewero la Romeo ndi Juliet, monga Romeo, Juliet, Tybalt ndi Verona, n'kuuzidwa kuti awapeze ndi kuwazunguliza ndi pensulo, ntchito yonse imagwiridwa ndi maso okha, moti mwana amene sanamvepo sewerolo angathe kumaliza msanga kuposa mnzake amene amalidziwa bwino. Sindikuti muwataye, ayi. Shakespeare, amene anabadwa mu 1564 n'kumwalira mu 1616, anaika nkhani zake zambiri m'mayiko akutali ndi kwawo, ndipo mayina ngati Mercutio ndi Lysander ndi achilendo kwa mwana aliyense. Masewera ofufuzawa muwapereke poyambirira, nkhani isanakambidwe, kuti maso azolowere kalembedwe ka mayinawo.

Pobwereza penipeni, amene ndimawakhulupirira ndi a mawu opingasa ndi otsitsa, aja amene mwana amadzaza zilembo m'timabokosi poyankha mafunso. Masewerawa si akale ngati zisudzozo, chifukwa oyamba a mtundu umene tikuudziwa lero anasindikizidwa mu 1913 m'nyuzipepala ya New York World, ndipo anawakonza ndi Arthur Wynne. Ubwino wake ndi wakuti yankho silioneka papepala, ndiye mwana amayenera kulifukula yekha m'mutu mwake, ndipo chimene munthu wachikumbukira movutikira chimakhazikika kuposa chimene wangochiwerenganso. Chiwerengero cha timabokosi ndi chilembo chimodzi chochokera ku mawu ena zimamupatsa pogwira, kotero sataya mtima msanga.

Komatu zonsezi zimadalira funso limene mwalemba. Funso lakuti "Dzina la mtsikana wa m'seweroli" silimufikitsa mwana kulikonse, popeza yankho lili kale pachikuto cha buku. Funso labwino limakhudza zimene mtengambali anachita kapena zimene zinamugwera, ndipo limamveka ngati ndagi. Mungalembe kuti, "Anapha Mercutio, iyenso n'kuphedwa ndi Romeo," yankho n'kukhala Tybalt. Mungalembenso kuti, "Mzinda umene Romeo anakakhala atapitikitsidwa ku Verona," womwe ndi Mantua. Limene ndimalikonda koposa ndi ili: "Sinafike kwa Romeo, ndipo kusafika kwake kunadzetsa maliro." Yankho ndi kalata, mawu a zilembo 6 zokha, koma kuti mwana awapeze ayenera kukumbukira kuti Juliet anamwa mankhwala omugoneka ngati wakufa, kuti wansembe wotchedwa Friar Laurence analemba kalata yofotokozera Romeo chinsinsicho, ndiponso kuti Friar John, amene anaitenga, anatsekeredwa m'nyumba chifukwa choganiziridwa kuti anakhala pamalo a mliri. Timabokosi tikadzadza, funsani kuti, "Nanga ikanafika, zikanatha bwanji?" Apa m'pamene kubwereza kumasanduka kulingalira.

Ndinenepo pang'ono za kusankha sewero, ngakhale simunafunse. Nkhani ya Romeo ndi Juliet imatha ndi kudzipha kwa achinyamata awiri, ndipo ine sindingayambire pamenepo ndi mwana wa zaka 7. Sewero la A Midsummer Night's Dream limawayenera bwino ana aang'ono chifukwa ndi loseketsa, komanso lili ndi zinthu zooneka ndi maso zimene zimalowa mosavuta m'timabokosi. "Nyama imene mutu wake Puck anaveka Bottom" ndi bulu, ndipo "Mfumukazi imene itadzuka inakonda munthu wa mutu wa bulu" ndi Titania. Chilankhulo cha Shakespeare chimavuta ngakhale akuluakulu, n'chifukwa chake Charles ndi Mary Lamb anafotokozanso masewero 20 mwa nthano za ana m'buku lawo la mu 1807. Mafunso anu achokere m'nkhani imene anawo anaimva, osati m'mawu a sewero lenileni amene sanawawerengepo.

Mawu 8 kapena 10 ndi okwanira papepala limodzi, ndipo musakanize mayina ndi zinthu wamba monga duwa, nkhalango ndi lupanga, kuti amene amavutika ndi mayina achilendo naye apezepo poyambira. Musapereke masewerawa tsiku lomwelo limene mwamaliza nkhani. Padutse masiku angapo kuti kuiwala kuyambe, popeza kukumbukira kumalimba pamene kwalimbana ndi kuiwala. Ana akazolowera, muwaike awiriawiri kuti alembere anzawo mafunso, ndipo mudzaona kuti amene nkhani sanaimvetse amalemba funso lokhala ndi mayankho atatu, zomwe zimakuonetsani msanga pofunika kubwerezanso.

Chimene pepala silingathe ndi kusunga mawu olankhulidwa ndi kayendedwe ka thupi, chonsecho masewerowa analembedwa kuti achitidwe pasiteji anthu akuonerera. Pachifukwa ichi ine ndimapereka lamulo limodzi: amene wapeza yankho aimirire n'kulichita kwa kamphindi. Wapeza "bulu" ayende ngati Bottom, akudabwa chifukwa chimene anzake akumuthawira, ndipo wapeza "kalata" akhale Friar John wobwerera nayo m'manja, anzake n'kumufunsa kuti anachedwa kuti.