Yankho kwa amalume pa za kachipangizo kotsukira mapulagi

Amalume, ndamvetsera uthenga wanu wa m'mawa uja, ndipo chithunzi chimene mwatumiza pagulu pano ndachiona bwinobwino. Mwafunsa ngati kachipangizo kotsukira mapulagi kamene mwakaona pa Facebook n'koyenera kugula, kuti achimwene amene ali ku Johannesburg akutumizireni pa basi, popeza Sienta yanu yayamba kumisa, kutanthauza kuti injini ikulira modukizadukiza, ndiponso njinga yamoto ya kabaza ija ikuvuta kulira m'mawa. Ndikupemphani kuti mundimvetsere mpaka kumapeto, chifukwa yankho la galimoto ndi losiyana ndi la njinga, ngakhale kuti zonse ziwiri zimayaka ndi pulagi.

Kachipangizo kameneka si kachilendo kwa ife a kugalaja. Pansi pake pamakhala kathumba ka nsalu mmene mumathiridwa mchenga wa kufakitale, wa timiyala ting'onoting'ono takuthwa, pamwamba pake pamakhala bowo la labala lolowetsapo mutu wa pulagi, ndipo pambali pamakhala polumikiza paipi ya mpweya. Mukatsegula mpweya, mchenga uja umauluka mwamphamvu n'kumamenya nsonga ya pulagi mpaka mwaye wonse utachoka. Chinthu choyamba chimene otsatsa malonda sakonda kuchinena n'chakuti mtundu umene uli pachithunzi chanuwo sugwira ntchito pawokha, umafuna kompuresa yokhala ndi thanki, yotulutsa mpweya wa mphamvu pafupifupi 90 psi, imene ndi pafupifupi 6 bar. Kapampu kopopera matayala kamene mumalumikiza ku batire ya galimoto sikatulutsa mpweya wokwanira ntchito imeneyi. Ulipo mtundu wina wa kamota ka 12V wopanira pa batire, koma umamenya mofooka ndipo ulibe mpweya wouzirira pulagi mukamaliza, chimene ndi chinthu chofunika kwambiri monga ndifotokozere.

Tizipangizo timeneti tinatchuka nthawi imene petulo ankakhala ndi mtovu ndiponso galimoto zambiri zinkayendera kabureta, pamene mapulagi ankada msanga ndipo makaniko ankawatsuka nthawi iliyonse ya sevisi. Mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wa mtovu kumayambiriro kwa 2006, ndipo dziko lomaliza kumusiya pa galimoto linali Algeria mu 2021. Ndege zing'onozing'ono za injini ya mapisitoni zimagwiritsabe ntchito mafuta a mtovu, n'chifukwa chake amisiri a ndege amatsukabe mapulagi ndi makina a mtundu umenewu. Galimoto ngati yanuyo, imene kompyuta imayeza yokha petulo wolowa mu injini, siyenera kudetsa mapulagi ngati zonse zili bwino, chifukwa nsonga ya pulagi ikatentha kufika cha m'ma 450 mpaka 500 digiri imawotcha yokha mwaye umene wakhalapo.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, amalume. Kachipangizoka kamachotsa mwaye basi, sikabwezera chitsulo chimene chadyeka, ndiponso sikachotsa chimene chadetsa pulagiyo. Moto wa pulagi umadumpha kampata kakang'ono pakati pa nsonga ya pakati ndi kachitsulo kopindika ka kumapeto kwa pulagi, ndipo umakankhidwa ndi magetsi a mavoti 20,000 kapena kuposerapo ochokera ku koyilo. Moto umenewu umadumpha mosavuta pamene m'mphepete mwa nsongayo muli mwakuthwa. Pakapita nthawi nsongayo imadyeka, imabulungira, mpata umakula, ndipo koyilo imakakamizika kutulutsa magetsi ochuluka kuti moto udumphe, mpaka nayonso imapsa. Pulagi yotere mukaimenya ndi mchenga imatuluka yowala ngati yatsopano, koma mchenga uja wangowonjezera kubulungiza nsongayo, ndipo munthu amabwerera kunyumba ali wokondwa pamene vuto lake lili pomwepo.

Sienta yanuyo ili ndi injini ya 1NZ-FE, ya malita 1.5 ndi masilinda 4, ndipo pulagi iliyonse ili ndi koyilo yakeyake pamwamba. Zambiri mwa galimoto zimenezi zimabwera kuchokera ku Japan zili ndi mapulagi a iridium, chitsulo cholimba kwambiri chimene amaika kunsonga. Mukamasula imodzi n'kuyang'anitsitsa, mudzaona kuti nsonga yake ndi yopyapyala ngati singano, chifukwa za iridium za makampani a Denso ndi NGK zimakhala pakati pa mamilimita 0.4 ndi 0.7, pamene nsonga ya pulagi wamba ya nikelo imakhala pafupifupi mamilimita 2.5. Kansonga ka iridium kameneka kamachita kuwotcheredwa pamwamba pa chitsulo china, ndipo mchenga, bulashi ya waya kapena sandipepala zimatha kukadya kapena kukathyola kumene. Mapulagi a iridium okhalitsa amapangidwa kuti ayende mpaka makilomita pafupifupi 100,000 osakhudzidwa, pamene a nikelo amafuna kusintha akayenda makilomita 20,000 mpaka 30,000. Ndikunena mosapita m'mbali kuti pulagi ya iridium kapena ya platinum musailowetse m'kachipangizo kameneka ngakhale kamodzi.

Chimene chingakuthandizeni pa galimotoyo n'kuwerenga zimene mapulagiwo akunena musanawapukute, pakuti pulagi ndi mboni ya zimene zikuchitika m'kati mwa silinda, ndipo kuitsuka musanaiyang'ane n'kufafaniza umboni. Muwamasule injini itazizira, muwandandalike patebulo mwa dongosolo la masilinda, kuyambira 1 mpaka 4. Pulagi ya injini yabwino imakhala yofiirira pang'ono kapena yotuwa, ndiponso youma. Ikakhala ndi mwaye wakuda wouma, woti mukaukhudza ukutsalira pachala, ndiye kuti petulo akuchuluka kuposa mpweya, ndipo poyambira kufufuza ndi pa sefa ya mpweya, imene imatsekeka msanga ndi fumbi la m'misewu yathu m'miyezi ya chilimwe. Galimoto yonyamula anthu imene imakhalitsa pa siteji injini ikulira, n'kumayenda maulendo afupiafupi, imadetsanso mapulagi chifukwa satentha mokwanira. Ikakhala yakuda koma yonyowa ndi oyilo ku nsonga, oyiloyo akulowa mu silinda kudzera pa maringi a pisitoni kapena pa masilo a mavavu, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mu injini, yoti ngakhale mutatsuka pulagiyo lero idzadanso posachedwa. Oyilo akakhala kumtunda, kumene kumalowa koyilo, ndiye kuti gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba pa injini ikudontha, ndipo imeneyo ndi ntchito yochepa. Ikakhala yoyera mbee, ya timatuza, injini ikutentha mopitirira muyeso kapena pulagiyo si ya nambala yoyenera, ndipo zimenezi n'zoopsa kuposa mwaye chifukwa zimatha kuboola pisitoni.

Ngati mapulagi atatu ali bwino koma imodzi yokha ndiyo yada, kawirikawiri wolakwa amakhala koyilo kapena injekita ya silinda imeneyo. Njira yodziwira ndi yosavuta, chifukwa makaniko amangosinthanitsa koyiloyo ndi ya silinda yoyandikana nayo, n'kuona ngati kumisako kwasamuka nayo. Akalumikiza kompyuta yoyezera, nambala ya P0301 imatanthauza kuti silinda yoyamba ndiyo ikumisa, P0302 yachiwiri, mpaka P0304, pamene P0300 imatanthauza kuti kumisako kukuchitika mosasankha silinda. Ndikupemphani kuti musapitirize kunyamula anthu galimoto ikumisa, makamaka nyali ya injini ikayamba kuphethira, chifukwa petulo wosapsa amakayakira mu katalitiki, chipangizo choyeretsa utsi cha ku ekizozi, ndipo mtengo wa chipangizo chimenecho umaposa kutali wa mapulagi anayi.

Kunjinga yamoto nkhani yake ndi ina, ndipo kumeneko kachipangizoka kali ndi ntchito. Njinga zambiri za kabaza zimayendera kabureta ndi pulagi wamba ya nikelo, monga NGK D8EA pa zambiri za 125cc ndi 150cc, kapena C7HSA pa zing'onozing'ono za 100cc ndi 110cc, ndipo mpata wake umakhala wa mamilimita 0.6 mpaka 0.7. Pulagi yotere imada msanga mnyamata woyendetsa njingayo akaiwala kubweza choko, kabureta ikakhala yosatchera bwino, kapena akathira petulo wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu nthawi ya kusowa kwa mafuta, amene nthawi zina amakhala wosakaniza ndi parafini. Mwaye umenewo umadutsitsa magetsi, kotero moto m'malo modumpha pampata umazembera m'mbali mwa dothi loyera lokuta nsonga ya pakati n'kupita ku chitsulo cha kunja, ndipo mnyamata amamenya kiki mpaka thukuta koma njinga osalira. Pulagi imeneyo siinathe, yangoda, ndipo kuitsuka kumaibwezeretsa pantchito. N'chimodzimodzi ndi pulagi ya jenereta kapena ya pampu yothirira kudimba.

Ngakhale zili choncho, katsukidwe kake kali ndi malamulo amene sayenera kudumphidwa. Pulagi iyambe yachotsedwa oyilo ndi mankhwala opopera otsukira kabureta, ndipo iume, chifukwa mchenga umamatirira pa oyilo n'kuumbika m'kati. Kenako muimenye kwa timasekondi tochepa mukuizungulitsa, osati kwa nthawi yaitali, chifukwa mchenga umakanda dothi loyera lija, ndipo likakhala lokhakhala mwaye umagwirapo msanga kuposa kale. Mukatero mutembenuze kachogwirira ka pa kachipangizoka kuti kutuluke mpweya wokhawokha, muuzire m'kati mwa pulagi ndi m'mathiredi ake, kenako muyang'ane ndi tochi m'ngalande yozungulira dothi lija kufikira mutatsimikiza kuti simunatsale kamwala n'kamodzi komwe. Ndikutsindika zimenezi chifukwa ndinaonapo njinga imene inabwera kugalaja kwathu ikufuka utsi wa oyilo, ndipo titatsegula tinapeza khoma la silinda lili ndi mizere yokandika kuchokera pamwamba mpaka pansi, pulagi yake ikadali ndi timiyala tonyezimira m'mathiredi. Mchenga umenewu ndi wolimba kwambiri, ndipo ukagwera mu silinda umapala maringi ndi khoma lake nthawi iliyonse pisitoni ikakwera ndi kutsika. Wogwira ntchitoyi avalenso magalasi oteteza maso ndi chotchinga kumphuno, ndipo kathumbako kakatha musathiremo mchenga wa kumtsinje, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo.

Pa pulagi imodzi ya njinga, bulashi yaing'ono ya waya wofewa ndi mankhwala opopera aja zimagwira ntchito yomweyo popanda kompuresa. Anyamata ena amaika pulagi pa mbaula kuti mwaye upse, ndipo nthawi zina njinga imaliradi, koma ine sindivomereza zimenezo, chifukwa makala amatenthetsa pulagi yonse, ndi mbali zimene siziyenera kutentha zomwe, ndipo ikaziziritsidwa mwadzidzidzi ndi madzi dothi lija limang'aluka m'kati mosaoneka ndi maso. Pulagi ikatsukidwa, mpata wake uyezedwe ndi fila geji, timalata topyapyala toyezera mipata, ndipo pokonza mpatawo apinde kachitsulo ka kunja kokha, asatsamire pa nsonga ya pakati.

Pobwezeretsa pulagi m'pamene anthu ambiri amawononga ndalama zochuluka osadziwa. Mutu wa injini ya Sienta ndiponso wa njinga ndi wa aluminiyamu, chitsulo chofewa, kotero pulagi iyambe kulowetsedwa ndi dzanja mpaka itakhala pansi, sipanala ibwere pomaliza. Pulagi ya mathiredi a mamilimita 14 imamangidwa pa 25 mpaka 30 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira), ya mamilimita 12 pa 15 mpaka 20 Nm, ndipo ya mamilimita 10 pa 10 mpaka 12 Nm. Ngati palibe sipanala yoyezera mphamvu, pulagi yatsopano ya mamilimita 14 imazunguliridwa pafupifupi theka la kuzungulira ikakhala pansi, kuti washala wake aphwanyike n'kutseka bwino, koma pulagi yakale imene washala wake anaphwanyika kale imangofuna kukankha pang'ono chabe, pafupifupi madigiri 30. Munthu akaimanga yakaleyo ngati yatsopano amadula mathiredi a mutu wa injini, ndipo kamodzi kokha kotere kamathetsa ndalama zonse zimene amaganiza kuti wapulumutsa potsuka mapulagi.

Malangizo anga ndi akuti ndalama imene mukanagulira kachipangizoka pamodzi ndi yolipira pa basi muiike pa mapulagi anayi enieni a Sienta, ngati titapeza kuti amene alimowo adyeka. Achimwene akagule kusitolo yodziwika ya zipangizo za galimoto, atatenga nambala imene yalembedwa pa dothi loyera la pulagi imene ili m'galimotomo, titaitsimikiza ndi nambala ya chasesi, chifukwa mapulagi achinyengo olembedwa NGK ndi Denso alipo ambiri pamsika, ndipo pulagi ya iridium yotsika mtengo modabwitsa ndi yofunika kuikayikira. Nambala 11 imene imakhala kumapeto kwa mapulagi ambiri a makampani awiriwa imatanthauza mpata wa mamilimita 1.1 wotchera kale kufakitale, choncho musalole munthu kuugogoda kuti auchepetse. Kunjingako mugule mapulagi awiri a nikelo, imodzi ilowe, ina izikhala m'kabokosi ka zida, ndipo mnyamata uja abwere nayo kuti tione choko, sefa ya mpweya ndi katcheredwe ka kabureta. Mukadzatsegula malo okonzera njinga amene munanena aja, muli ndi kompuresa ndiponso mapulagi ambiri odutsa m'manja tsiku lililonse, pamenepo kachipangizoka kadzakhala koyenera kugula. Pakadali pano, Loweruka m'mawa musailize Sientayo ndisanafike, kuti tidzamasule mapulagiwo injini ili yozizira, ndipo ndidzabwera ndi kompyuta yoyezera pamodzi ndi fila geji.