Mwana wogwira tintchentche m'mbali mwa Thuchila

Bambo wina wa ku Mulanje watilembera kalata yodandaula za mwana wawo wamkazi wa Folomu 3, yemwe akaweruka kusukulu amakagwira tintchentche takuda totera pamatope m'mbali mwa mtsinje wa Thuchila, n'kumatijambula pafoni pofuna kudziwa dzina lenileni la kalikonse. Bambowa akufunsa ngati kumeneku si kutaya nthawi, komanso ngati munthu angadzadyerepo pa zoterezi.

Bambo, ndikupempheni kuti musamuletse mwanayo, chifukwa funso limene akulimbana naloli limawatuluka thukuta ngakhale akatswiri. Tambiri mwa tintchentche ta pamatope timeneti ndi ta m'banja lotchedwa Ephydridae, lomwe lili ndi mitundu pafupifupi 2,000 yodziwika padziko lonse, ndipo tambiri sitipitirira mamilimita atatu kutalika kwake. Chithunzi cha pafoni chingamuthandize kuzindikira banja, mwinanso gulu laling'ono la m'banjamo, koma kufika pa mtundu weniweni n'kovuta kwambiri. Pamenepo pamafunika maikulosikopu, kuti munthu aone mmene nkhope ya kantchentcheko yatukukira, awerenge tiubweya tolimba ta pamutu ndi pamsana, komanso atsatire mitsempha ya m'mapiko. Nthawi zambiri ngakhale zimenezi sizikwanira, popeza mitundu iwiri ikhoza kufanana kunja konse koma n'kusiyana ziwalo zoberekera za yaimuna, zomwe katswiri amazidula, n'kuziviika m'mankhwala otchedwa potassium hydroxide kuti ziyere, kenako n'kuziyerekeza ndi zojambula za m'mabuku. Masiku ano ena amaonjezerapo kuyeza DNA, koma nayonso imathandiza pokhapokha ngati wina anayamba wautchula molondola mtunduwo.

Dzina lenilenilo lili ndi ntchito. M'banja lomweli muli gulu la Hydrellia, lomwe mphutsi zake zimaboola masamba a mpunga, ndiponso gulu la Ochthera, la miyendo yakutsogolo yogwirira nyama ngati chiswamphika, lomwe ofufuza ku Kenya analipeza likudya mphutsi za udzudzu wofalitsa malungo. Mlangizi wosatha kusiyanitsa awiriwa akhoza kuuza alimi kuti apopere mankhwala pa kachilombo kowathandiza.

Pa za maphunziro, njira yake ndi yodziwika. Mwanayu alimbikire Biology, Chemistry, masamu ndi Chingerezi, pokumbukira kuti kulowa m'mayunivesite aboma kumafuna makirediti asanu ndi limodzi pa MSCE, kuphatikizapo la Chingerezi. Akatero angathe kufunsira maphunziro a zamoyo ku University of Malawi ku Zomba, kapena a zaulimi ku LUANAR ku Bunda, ndipo aonenso zimene MUST ikuphunzitsa pafupi pomwepa ku Ndata ku Thyolo. Ukatswiri wa ntchentche zokhazokha umadza pambuyo, pa digiri yachiwiri ndi yachitatu, kawirikawiri kunja kwa dziko.

Sindikubisirani, bambo, kuti ntchito yolembedwa kuti munthu azingotchula mayina a tintchentche timeneti ndi yosowa kwambiri. Chimene chimadyetsa munthu ndi luso lozindikira tizilombo mwa mtundu uliwonse, lomwe limafunika m'malo ofufuza za ulimi monga Bvumbwe ku Thyolo ndi Tea Research Foundation of Central Africa ku Mimosa, ku Mulanje komweko, komanso pa ntchito zolimbana ndi malungo ndi zoteteza chilengedwe cha phiri la Mulanje. Amene anazolowera kuwerenga tiubweya pa kantchentche ka mamilimita awiri sadzavutika ndi udzudzu kapena tizilombo ta mu tiyi.

Kwa iwe mwanawe, yamba lero kusunga bwino zimene ukugwirazo. Uzitiika m'kabotolo ka ethanol wa 70 peresenti, yemwe aphunzitsi ako a sayansi angakuthandize kumupeza, ndipo m'kabotolomo uziponyamo kapepala kolembedwa ndi pensulo, osati inki, kosonyeza malo, tsiku, dzina lako, komanso ngati unakagwira pamatope, pamchenga kapena paudzu wa m'madzi. Kantchentche kopanda kapepala kotere katswiri sangakagwiritse ntchito, ngakhale katakhala ka mtundu wosowa chotani. Buku lofotokoza za ntchentche za mu Africa lotchedwa Manual of Afrotropical Diptera, lomwe gawo lake lachitatu linatuluka mu 2021, likupezeka kwaulere pa intaneti ndipo lidzakufikitsa pa gulu. Ukafika pamenepo ulembe dzina la gululo lokha, ndipo malo a dzina la mtundu uwasiye opanda kanthu kufikira wodziwa ataziona pa maikulosikopu.