Mafunso a Owerenga: Ngongole ndi Sukulu ya pa Intaneti

FUNSO: Ndimakhala ku Lilongwe ndipo ndimaphunzitsa anthu kuphika makeke kudzera pa WhatsApp. Gulu lililonse limakhala ndi anthu pafupifupi 25, limaphunzira miyezi iwiri, ndipo aliyense amalipira K20,000. Ndikufuna kukongola K3,000,000 kuti ndigule laputopu ndi kamera komanso kuti andipangire webusaiti. Bungwe lina lavomera kundibwereka pa chiwongoladzanja cha 5 peresenti pamwezi kwa chaka chimodzi, koma likufuna poloti yanga ikhale chikole. Kodi nditenge? Ndine mayi wa ana atatu.

YANKHO: Mayi, ngongole imeneyi musatenge momwe iliri panopa, ndipo chifukwa chake chili m'manambala amene mwalemba nokha. Anthu 25 akalipira K20,000 aliyense mumapeza K500,000 pa miyezi iwiri, kutanthauza K250,000 pamwezi, musanachotsepo ya ufa, shuga, mazira, magetsi ndi mabandulo. Tsono ngati bungwelo likuwerengera 5 peresentiyo pa ndalama yonse imene munatenga poyamba, chiwongoladzanja chokha ndi K150,000 mwezi uliwonse, ndipo pakutha pa chaka mudzakhala mutabweza K4,800,000. Mwezi ndi mwezi muzidzapereka K400,000 pamene bizinesi ikulowetsa K250,000, ndipo yotsalayo idzachokera m'ndalama ya chakudya ndi fizi ya ana.

Musanasaine chilichonse, afunseni ngati chiwongoladzanja amachiwerengera pa ndalama yonse kapena pa ndalama yotsala mukamabweza, chifukwa njira yachiwiriyi imatsitsa kwambiri zimene mudzalipire. Afunseninso za ndalama yolembetsera ngongole, ya inshuwalansi ndi chindapusa cha kuchedwa, ndipo akulembereni papepala chiwerengero chonse chimene mudzabweze. Ndalama yobwereka m'dziko muno ndi yodula: m'chaka cha 2024 banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki ndi mabungwe ang'onoang'ono amaikanso phindu lawo pamwamba.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi zinthu zimene mukufuna kugulazo. Ophunzira anu anabwera chifukwa muli pa WhatsApp, pamene bandulo yake ndi yotsika mtengo ndipo aliyense amadziwa kale kugwiritsa ntchito. Mukawasamutsira pa webusaiti yodzaza ndi mavidiyo akuluakulu, ambiri adzafunika bandulo yodula, ndipo ena adzasiya osakuuzani chifukwa. Dziwaninso kuti webusaiti siyithera pa kuipanga. Malo oisungira ndi dzina lake zimalipiridwa chaka ndi chaka, nthawi zambiri m'madola. Tonse tikukumbukira kuti mu November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo aliyense amene ankalipira zinthu m'madola anadzuka mtengo utakwera pamene makasitomala ake akulipirabe chimodzimodzi.

Ine ndingakonde kuti muyambe mwayesa msika ndi ndalama za ophunzira eni ake. Lengezani kalasi yapamwamba, mwachitsanzo ya makeke a ukwati, ikani mtengo wokwererapo, ndipo nenani kuti iyamba anthu khumi akalipira theka kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Akalipira, mwapeza mpamba wopanda chiwongoladzanja. Akapanda kulipira, mwadziwa zoona zake osataya poloti. Foni yojambula bwino, choimikira foni, nyale ndi kachipangizo kojambulira mawu n'zokwanira pa ntchito yanu, ndipo mungathe kugula chimodzichimodzi. Ngati mpamba uperewerabe, kongolani pang'ono ku banki m'khonde kapena ku SACCO imene mumasungako ndalama, ndipo chimene mwagulacho chikhale choti chidzibwezere chokha pa miyezi yochepa. Kwa a katapila kokha musayandikireko. Poloti ndi tsogolo la ana anu, ndipo siyoyenera kuikidwa chikole chifukwa cha kamera.

FUNSO: Ndimaphunzitsa kasungidwe ka mabuku a bizinesi pa Zoom kuchokera ku Mzuzu. Anthu amandiuza kuti zomwezo zili pa YouTube kwaulere, ndiye ndikuganiza zotsitsa mtengo n'kukongola ndalama yotsatsira malonda pa Facebook. Mungandilangize bwanji? Ndine bambo amene ndinapuma ntchito ya boma.

YANKHO: Bambo, pa mtengo simungapambane, popeza palibe mtengo wotsika kuposa ulere. Chimene vidiyo ya pa YouTube siyingachite ndi kuona buku la munthu wogulitsa kaunjika kapena wa golosale, n'kumusonyeza m'chilankhulo chake pamene ndalama yake ikuthawira, ndiponso kumufotokozera zimene bungwe la MRA limafuna kwa iye. Gulitsani zimenezo. Wophunzira aliyense azibwera ndi manambala a bizinesi yake, ndipo azimaliza maphunziro ali ndi buku lolondola la miyezi itatu m'manja. Munthu wotere amakubweretserani anzake popanda inu kulipira wotsatsa.

Kukongola ndalama yotsatsira malonda sindikukulimbikitsani, chifukwa ikapita sisiya katundu amene mungagulitse zinthu zikavuta. Yesani ndi ndalama yochepa ya m'thumba mwanu, lembani kuti yabweretsa ophunzira angati olipira, osati ongofunsa mtengo, ndipo muwonjezere pokhapokha ikabweza phindu.

M'malo mothamangira ngongole, lembetsani bizinesi yanu ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, tengani nambala ya msonkho, ndipo tsegulani akaunti ya bizinesi yosiyana ndi ya pakhomo. Mukatero mungathe kukambirana ndi makopaletivi, ma SACCO ndi mabungwe omwe si aboma, amene amalipirira anthu awo ambiri nthawi imodzi koma amafuna invoisi ndi lisiti. Ngati mukufuna kupereka masatifiketi ovomerezeka, pitani kaye ku bungwe la TEVETA, loyang'anira maphunziro a luso ndi ntchito zamanja, mukamve zofunika, ndipo musalonjeze ophunzira pepala limene simunaloledwe kupereka. Akaunti imeneyo ikayenda bwino kwa chaka, banki kapena bungwe lobwereketsa ndalama lidzakhala ndi poonera mukadzafunadi ngongole.