Ndimusiye bwanji mwana ameneyu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wa ku koleji ya aphunzitsi ya Machinga, yemwe ali pa teaching practice, kuyeserera kuphunzitsa m'kalasi, cha ku Malindi. Akuti mu Sitandade 2 muli kamnyamata kamene poyamba sikankayankhula n'komwe, koma pano kamamudikira panjira m'mawa uliwonse n'kumunyamulira makope. Teremu ikutha. "Aphunzitsi, ndimusiye bwanji? Ndimugulire kanthu, kapena ndingochoka mwakachetechete kuti asalire?"

Mchemwali wanga, zochoka mwakachetechete ayi. Ine ndinachitapo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Wanga anali wa Sitandade 3, pa sukulu ina kufupi ndi nyanja ya Malombe. Ankabwera maso ali psuu, manja akununkha kambuzi, poti usiku ankachezera kudoko kuthandiza amalume ake kukoka khoka. Onse ankati mutu wake ndi wouma. Komatu mwana uja kunyumba ankayankhula Chiyao, masana ku madrasa ankawerenga Chiarabu, ife n'kumamufunsa m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mwana wouma mutu angasenze zilankhulo zinayi? Tsiku lina nditajambula nsomba pa bolodi ndinamumva akunong'ona kuti "somba". Ndinamupempha kuti azindiphunzitsa mawu a kwawo. Anayamba ndi "mesi", madzi, ndipo nditatchula molakwika anaseka mpaka misozi. Aka kanali koyamba kumva kuseka kwake. Pomafika teremu yachitatu n'kuti akulemba dzina lake yekha.

Tsiku lonyamuka ndinakwera minibasi mbandakucha osamutsanzika. Ndinadzamva kuti anakhala masiku angapo akubwera kudzaima pakhomo pa nyumba yomwe ndinkagona, kenaka anasiya sukulu. Chomwe ndinalakwa si kumukonda. Ndinalakwa poti pa sukulu yonse ija ankadziwana ndi ine ndekha.

Ndiye muuzeni tsiku lenileni lomwe muchoke, pakadali milungu iwiri kapena itatu. Akalira, mulekeni alire. Musamulonjeze kuti mudzabweranso. Mukamaliza maphunziro boma likhoza kukutumizani ku Chitipa.

Nthawi yatsalayi mumuzoloweze kwa aphunzitsi omwe akukuyang'anirani m'kalasimo. Auzeni zomwe mwaona: amakhala pati, amaopa chiyani, amayankha akafunsidwa motani. Kambiraninso ndi a hedi komanso amayi a mother group, gulu la amayi a m'deralo lothandiza ana pa sukulu, chifukwa iwowo ndi amene amakalondola mwana kumudzi akayamba kujomba. Kwawo mukapiteko, koma osati nokha. Mutengane ndi mphunzitsi wodziwa Chiyao. Makolo akamva kuchokera pakamwa pa mphunzitsi kuti mwana wawo ali ndi nzeru amayamba kuganiza kawiri asanamutumize kunyanja, kapena kumuuza kuti akadzakula adzangopita ku Joni.

Ndalama musamupatse, ndipo mphatso isakhale yochititsa anzake nsanje. Kope limodzi ndi pensulo n'zokwanira. Patsamba loyamba mumuuze alembe yekha dzina lake, inu mulembe lanu m'munsi mwake.