Mafunso ndi Mayankho: Kudzikonzera Nokha Galimoto Yogonamo

Makalata a mwezi uno achokera kwa owerenga amene amadzikonzera okha galimoto zogonamo, zija zokhala ndi bedi, pophikira ndi madzi mkati mwake. Tasankhapo 6, ndipo ena tawafupikitsa.

Filiji ikuzima usiku

*Akonzi, ndinaika filiji ya 12V ya kompuresa (kamakina koziziritsa) m'galimoto yanga. Batire ndi ya AGM (ya asidi, yotsekeka) ya 100Ah, yatsopano. Masana filiji imayenda bwinobwino, koma pakati pa usiku imangoti kuyaka, kuzima, kuyaka, kuzima, ndipo kukamacha zakudya zimakhala zafunda. Ndikayeza pabatire ndimapeza 12.1V. Waya ndi wa 1.5mm², wotalika mamita 6. Kodi ndikabweze filijiyi kumene ndinagula?*

Musaibweze bambo, filijiyo ilibe mlandu. Yambani mwayang'ana waya. Magetsi amapita kufiliji ndi waya wofiira n'kubwerera ndi wakuda, choncho mamita 6 mukunenawo ndi 12. Kuti mudziwe mmene waya wa kopa akukanizira magetsi, tengani 0.0175, chulukitsani ndi kutalika kwa waya m'mamita, kenako gawani ndi kukula kwake. Kwa inu ndi 0.0175 kuchulukitsa ndi 12 kugawa ndi 1.5, yankho n'kukhala 0.14 ohm. Filiji ikamakoka 5A, ndiye kuti 0.7V ikuthera panjira, moti ngakhale pabatire pali 12.1V, kufiliji kukufika 11.4V yokha. Kompuresa ikamadzuka imakoka magetsi ochulukirapo, ndipo nambalayo imatsikanso. Mafiliji amenewa amadzizimitsa okha magetsi akatsika kwambiri pofuna kuteteza batire. Ikazima, magetsi amakweranso, iyo n'kuyesa kudzuka, n'kugwanso. N'zimene mukumva usikuzo.

Ikani waya wa 4mm², ndipo zotayika panjira zitsika kufika pa 0.26V. Wa 6mm² ndiye wabwino koposa. Akhale waya wofewa wa timawaya tambirimbiri mkati, osati wouma uja wa m'nyumba, chifukwa galimoto imagwedezeka ndipo waya wouma amathyokera polumikizira. Ngati filiji mumailumikiza ndi pulagi ya poyatsira ndudu, ichotseni, imakhwepa ndipo imatentha. Mangani waya mwachindunji, nsonga zake mwazipana bwino ndi chopanira, ndipo fyuzi ya 15A ikhale pafupi penipeni ndi batire. Poyesa, musayezenso pabatire. Yezani kuseri kwa filiji pa nthawi imene kompuresa ikudzuka.

Koma pali chachiwiri. Batire ya AGM ikamasonyeza 12.1V imakhala kuti yatsala pafupifupi theka, ndipo mtundu umenewu sufuna kutsitsidwa kupitirira pamenepo. Mwa 100Ah zolembedwa pabatirepo (Ah ndi muyezo wa magetsi amene batire imasunga), zanu zenizeni ndi 50Ah. Filiji yapakatikati imadya 30Ah mpaka 45Ah patsiku, kunja kukatentha imadyanso kuposa apo. Ndiye ngakhale musinthe waya, onetsetsani kuti batire ikudzaza masana, komanso kuti kuseri kwa filiji kukupita mphepo. Filiji yotsekeredwa m'kabati yopanda mazenera imangolira osapuma.

Lithium ndi sola

*Ndikufuna kuchotsa batire yakale ndiike ya lithium ya 100Ah, ndiikenso sola padenga. Mapanelo akhale aakulu bwanji? Nanga relay imene imatchaja batire injini ikamalira ndingaisiye momwemo?*

Musanagule kanthu, khalani pansi ndi pepala muwerengere zimene mumadya patsiku. Tiyerekeze motere: filiji 40Ah, fani yokoka 1.5A kwa maola 8 ndi 12Ah, mababu 4 a LED a 3W kwa maola 4 ndi 4Ah, mafoni ndi laputopu 10Ah, pampu ya madzi 2Ah. Zonse pamodzi ndi 68Ah, tingoti 70Ah. Kuchulukitsa ndi 12.8V ya lithium, zikukwana pafupifupi 900Wh patsiku (Wh ndi mphamvu ya W kuchulukitsa ndi maola).

Panelo siipereka zonse zolembedwa kumsana kwake. Padenga la galimoto imagona chagada osapendekera kudzuwa, imatentha, imatola fumbi. Powerengera muzitenga magawo 7 mwa 10 alionse. Ngati dzuwa lamphamvu likuwala maola 5, mapanelo a 200W apereka 700Wh, zomwe n'zoperewera. A 300W apereka 1,050Wh, ndipo pamenepo mwakwanitsa n'kutsalako pang'ono. Kumene dzuwa limavuta, kapena nyengo ya mitambo, chiwerengerochi chimatsika kwambiri, n'chifukwa chake kutchaja ndi injini kumafunikabe. Mapanelo a 300W amafuna kontirola (chowongolera magetsi ochokera kusola kupita kubatire) ya mtundu wa MPPT ya 30A. Polumikiza, yambani batire kukontirola, mapanelo pambuyo. Pomasula, yambani mapanelo. Mukasemphanitsa, kontirola ena amapsa. Siyani mpata wa masentimita 3 kapena kuposa pansi pa panelo kuti mphepo izidutsa, ndipo musaiike pamene chivundikiro cha fani chizigwetsa mthunzi, pakuti kamthunzi kakang'ono pakona imodzi kamagwetsa mphamvu ya panelo yonse.

Za relay, ichotseni. Batire yakale ikamadzaza imayamba yokha kukana magetsi, pamene lithium imameza chilichonse chimene yapatsidwa. Olitaneta, chija chopanga magetsi painjini, imagwira ntchito mopitirira muyezo, ndipo injini ikamalira galimoto itaima, fani yake siizungulira mokwanira kuti iziziritse. Mapeto ake ikhoza kupsa. Galimoto zambiri zatsopano zilinso ndi olitaneta zimene zimatsitsa magetsi zokha batire ya injini ikadzaza, ndiye relay imangotseka n'kutsegula, batire yakumbuyo, ya filiji ndi mababu ija, osadzaza. Ikani tchaja ya DC-DC ya 30A, yotenga magetsi kuinjini n'kutchaja batire yakumbuyo. Imeneyi imatenga muyezo wokhazikika ndipo imapereka magetsi oyenera lithium.

Tchaja zonse, ya sola, ya DC-DC ndi ya magetsi a pakhoma, muzitchere pa LiFePO4, dzina la mtundu wa lithium wa mabatire amenewa, pakati pa 14.2V ndi 14.4V, ndipo muzimitse chija chotchedwa equalisation, chomwe ndi cha mabatire a asidi basi. Lithium siitchajidwa kuzizira kukafika pansi pa 0°C, imawonongeka mkati mosabwereranso, choncho ikhale mkati mwa galimoto, ndipo gulani yokhala ndi BMS (kachipangizo koyang'anira batire) yodula kutchaja kukazizira. Fyuzi yaikulu ikhale pamutu penipeni pa batire, ya mtundu wa MRBF kapena Class T. Kumbukirani kuti fyuzi imateteza waya, ndiye kukula kwake kutsatire waya, osati chipangizo chimene chili kumapeto.

Kuboola denga poika fani

*Ndagula fani ya padenga koma dzanja likunjenjemera kuti ndiboole. Mnzanga anaika yake ndipo mvula ikagwa imadontha pabedi. Ndichite bwanji kuti zisandichitikire?*

Mantha amenewo ndi abwino mayi, chifukwa denga likadulidwa silibwerera. Mafani ambiri amafuna bowo la masentimita 40 mbali zonse zinayi, ena la mainchesi 14, ndiye yezani felemu ya fani yanuyo musanalembe mzere.

Yambirani mkati. Pezani malo opanda mtanda wachitsulo ndiponso opanda mawaya, ndipo mtanda wa denga musaudule chifukwa ndi umene umagwira thupi la galimoto. Boolani kabowo kamodzi pakati kuchokera mkati, mukwere pamwamba muone pamene katulukira, muyezere kuchokera pamenepo. Matani tepi yamapepala kuzungulira mzere kuti phazi la jigsaw (sowo yamagetsi) lisakale penti. Boolani makona anayi ndi chiboolera cha mamilimita 10, kenako dulani ndi mpeni wa mano aang'onoang'ono wodulira chitsulo. Mukadula mbali ziwiri, matani tepi yolimba pamene mwadutsapo kuti chidutswacho chisagwedere n'kupinda m'mphepete. Mkati mumangiriremo pulasitiki yolandira zinyenyeswa.

Zinyenyeswa zimenezi anthu amazinyozera, koma ndi zimene zimayambitsa dzimbiri. Kachitsulo kalikonse kotsala padenga kakangonyowa kamasiya kadontho kofiira papenti. Sesani zonse tsiku lomwelo, salazani m'mphepete ndi tupa, pakani penti yoteteza dzimbiri, muisiye iume.

Tsopano pomata, pomwe mnzanuyo ayenera kuti anaphonya. Musagwiritse silikoni wamba wa m'bafa. Amamatuka pachitsulo chopentedwa galimoto ikamagwedezeka, ndipo pamene papakidwa silikoni china chilichonse chimakana kugwira. Tsukani denga ndi sipiriti. Pansi pa felemu ikani tepi ya butyl (labala wofewa womata) kuzungulira konse, osadukiza pamakona. Ngati denga lili ndi mizere yokwera ndi yotsika, dzazani motsikamo ndi butyl wosanjikiza mpaka palingane. Mkati ikani felemu yamatabwa kuti masikuluwu akhale ndi pogwira. Pa galimoto zimene denga lake ndi la aluminiyamu kapena faibala pamwamba, thovu pakati ndi pulayiwudi pansi, kumbani thovu m'mphepete mwa bowo mulowetsemo matabwawo, apo ayi denga limaphwanyika mukamamanga. Mangani masikuluwu mopingasa, pang'onopang'ono, mpaka butyl ayambe kutuluka m'mbali, n'kulekera pomwepo. Mukalimbitsa kwambiri felemu yapulasitiki imasweka. Pomaliza pakani chomatira cha polyurethane kapena MS polymer m'mphepete ndi pamutu pa sikuluwu iliyonse. Chikauma, wina athire madzi ndi payipi padenga kwa mphindi 10 inu mukuyang'ana mkati, musanabwezeretse siling'i.

Makoma akutuluka thukuta

*M'mawa mawindo ndi makoma amakhala atanyowa, ndipo pansi pa matiresi payamba chuku. Denga silidontha. Madziwa akuchokera kuti?*

Akuchokera kwa inu ndi kuchitofu. Munthu akagona amatulutsa chinyezi popuma usiku wonse, ndipo kilogalamu imodzi ya gasi wa propane ikayaka imatulutsa madzi opitirira lita imodzi ndi theka. Mpweya wofunda wachinyeziwo ukakhudza chitsulo chozizira umasanduka madontho. Mankhwala ake ndi mphepo yodutsa: fani ya padenga izitulutsa mpweya pang'onopang'ono, windo limodzi kumbali ina likhale lotsegula pang'ono kuti wina uzilowa. Pophika fani iziyaka nthawi zonse. Pazitsulo zoonekera matanipo thovu losamwa madzi, ligwire pachitsulo penipeni osasiya mpata kuseri. Tibowo totulutsira madzi tili m'munsi mwa makoma ndi zitseko musatitseke. Matiresi asagone pathabwa losalala. Ikani timatabwa totalikirana, kapena boolani thabwalo mabowo ambiri.

Njinga yamoto kumbuyo ndi thanki yaikulu

*Ndikufuna kuika choyikapo njinga yamoto kumbuyo, njingayo ndi ya makilogalamu 110. Ndikufunanso thanki ya madzi ya malita 150. Malire a kulemera kwa galimoto ndi makilogalamu 3,500. Zitheka?*

Yankho lili pasikelo. Dzazani mafuta, madzi, gasi ndi katundu yense wapaulendo, mukwere nonse amene mumayenda, mupite pasikelo ya magalimoto. Yezani galimoto yonse, kenako ekiselo (mtanda wa matayala) yakutsogolo payokha, yakumbuyo payokha. Yerekezani ndi kachitsulo kolembedwa kamene kamakhala pakhomo kapena kuinjini. Pamenepo pali malire a galimoto yonse ndi a ekiselo iliyonse, ndipo yakumbuyo ndi imene imayamba kudzaza, nthawi zambiri galimoto yonse isanafike pamalire ake.

Katundu wolendewera kumbuyo amalemera kuposa mmene sikelo yakunyumba ikunenera. Njinga ya makilogalamu 110 ndi choyikapo chake cha 30 ndi 140. Tiyerekeze kuti pakati pa ekiselo ziwiri pali mamita 4, ndipo njinga ili mita imodzi ndi theka kuseri kwa ekiselo yakumbuyo. Tengani 140 kuchulukitsa ndi 5.5 kugawa ndi 4: ekiselo yakumbuyo yasenza makilogalamu 192.5, pamene kutsogolo kwapepuka ndi 52.5. Kutsogolo kukapepuka chiwongolero chimayandama, mabuleki amachedwa kugwira, ndipo ngati galimoto imakoka ndi matayala akutsogolo, amaterereka pachitunda chonyowa. Onaninso nambala ya kulemera imene ili pambali pa tayala, chifukwa tayala lolemedwa limatentha n'kuphulika. Choyikapo njingacho chimangidwe ndi mabawuti kuchasisi, osati kubampala kapena kukhoma lakumbuyo.

Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki yanuyo ndi makilogalamu 150 ikadzaza. Ikhale pansi, pakati pa ekiselo ziwiri, yomangidwa ndi malamba achitsulo obooleredwa pansi pa galimoto. Sankhani yokhala ndi zipupa mkati, pakuti madzi a theka la thanki amakhavukira mbali imodzi pakona n'kukankha galimoto. Kunena zoona, pa galimoto ya makilogalamu 3,500 zinthu ziwirizi sizikwanira pamodzi kawirikawiri. Ngati sikelo yakana, chepetsani thanki. Kusintha batire ya AGM ya 100Ah, yomwe imalemera pafupifupi makilogalamu 30, n'kuika ya lithium ya makilogalamu 12 kapena 13 kumathandizako, koma sikungalipire njinga yonse.

Silinda ya gasi pansi pa bedi

*Malo andichepera. Kodi silinda ya gasi ndingaiike pansi pa bedi?*

Chonchi chabe ayi, chonde musatero. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, ndipo akamatuluka sakwera kupita kuwindo. Amadikha pansi ngati madzi mpaka atakumana ndi kamoto ka switchi kapena ka pampu. Silinda iyenera kukhala m'bokosi lakelake lotsekeka ndi labala kuti mpweya wake usalowe mogona anthu, ndipo pansi pa bokosilo pakhale bowo lotulukira kunja kwa galimoto, lotalikirana ndi ekizozi, losatsekedwa ndi katundu. Iime chilili, yomangidwa ndi malamba awiri, ndipo m'bokosimo musadutse waya wamagetsi. Bokosi mukhoza kupanga nokha, koma mapaipi alumikizidwe ndi kuyesedwa ndi mmisiri wovomerezeka wa za gasi. Nthawi iliyonse mukasintha silinda pakani madzi a sopo polumikizira, ndipo thovu likamafufuma tsekani msanga. Ikani ma alamu awiri: ya gasi pafupi ndi pansi, ndi ya carbon monoxide (mpweya wapoizoni wochokera kumoto) chakumtunda pafupi ndi pogona, chifukwa mpweya umenewu sununkha ndipo umapha munthu ali m'tulo. Musanalize injini kuti munyamuke, tsekani gasi pamutu pa silinda.