Mafunso ndi Mayankho: Magemu a Nthano pa Kompyuta ya Pakhomo

Makalata atatu amene tasankha mwezi uno achokera kwa owerenga athu a ku Harare, ndipo onse akufunsa za magemu a pa kompyuta amene amasimba nkhani, momwe wosewera amayenda m'dziko longopeka, kulankhula ndi anthu a m'menemo ndi kumasula zinthu zovuta kuti nkhaniyo ipite patsogolo.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 13 anapatsidwa laputopu ndi amalume ake kuti azichitirapo za kusukulu, koma ndimamupeza akusewera gemu momwe muli mfiti, mphete zamatsenga ndi zilombo zolavula moto. Iye akuti ndi nthano chabe ndipo akuphunziramo Chingerezi. Ine ndine munthu wopemphera ndipo mtima wanga sukukhazikika. Kodi ndimuletse? Mayi wa ana atatu, Mabvuku.

YANKHO: Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka, pakuti kwathu ufiti si nkhani yoseweretsa, ndipo yaphwasula mabanja ndi kuzunzitsa nkhalamba zosalakwa. Komabe ndikupemphani kuti musanalande laputopuyo muyambe mwadziwa kumene magemu amenewa anachokera.

Gemu yoyamba ya mtunduwu, Colossal Cave Adventure, inalembedwa cha m'ma 1976 ndi Will Crowther wa ku America, munthu wokonda kufufuza mapanga, amene anatengera malo ake ku phanga lalikulu la Mammoth Cave ku Kentucky ndipo ankafuna kuti ana ake aakazi azisangalala nayo. Munalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Kompyuta inkalemba kuti muli pamalo akuti ndipo mukuona zakutizakuti, wosewera n'kuyankha ndi mawu awiri, monga akuti tenga nyale kapena pita kumpoto. Mu 1977 Don Woods anaikulitsa ndi kuwonjezamo zambiri za m'nthano. Pambuyo pake kunabwera Zork, gemu ya kampani ya Infocom imene inayamba kugulitsidwa mu 1980, kenaka King's Quest ya Roberta Williams mu 1984, momwe msilikali Graham amasaka chuma chitatu chotayika cha ufumu wa Daventry: galasi, chishango ndi bokosi la golide. Mfiti ndi zimphona za m'magemu otere zinatengedwa ku nthano zakale za ku Ulaya, zimene azungu ankasimbira ana awo. Zimafanana ndi nthano za madzulo za agogo athu, pamene wosimba ankati "Padangokhala" ife n'kuvomera kuti "Tili tonse", kungoti pano womvera sangovomera chabe, iye ndiye amasankha kumene nkhani ilowere. Palibe amene anasanduka mfiti chifukwa chomva nthano ya chimphona chodya anthu, ndipo pamenepa mwana wanu akunena zoona. Za Chingerezi nazonso sakunama, chifukwa sangadutse pa chipata asanamvetse zimene mlonda wa pachipatapo wanena.

Chimene ine ndimaopa kwambiri ndi china. Magemu ambiri otchuka a masiku ano analembedwera akuluakulu, ndipo muli magazi, zolaula ndi mawu otukwana. The Witcher 3 ya 2015 ndi Baldur's Gate 3 ya 2023 ndi nkhani zolukidwa mwaluso, koma zonse ziwiri zinaikidwa chizindikiro cha zaka 18. Funsani mwanayo dzina la gemuyo, ndipo muone nambala ya PEGI, njira ya ku Ulaya yoyezera msinkhu, imene imakhala 3, 7, 12, 16 kapena 18. Ngati nambalayo ikuposa zaka zake, iletseni mosanyengerera. Onaninso ngati gemuyo imamulumikiza ndi anthu osadziwika pa intaneti kapena kumupempha ndalama ali mkati mosewera, chifukwa pamenepo m'pamene ana ambiri amapwetekera.

Ngati yadutsa mayeso amenewa, khalani naye pansi tsiku lina, akusimbireni nkhani yonse m'Chichewa: mfumuyo ndi ndani, walakwa ndani, ndipo iye anasankha kuthandiza yani ndi chifukwa chiyani. Mudzamva zambiri za mtima wa mwana wanu kuposa zimene mungamve pomufunsa za kusukulu. Muikireni nthawi, akamaliza homuweki ndi ntchito za pakhomo. Ndipo chikumbumtima chanu chikakanabe zamatsenga, musadzikakamize, pakuti alipo magemu opanda zimenezo, monga Machinarium ya 2009 yochokera ku Czech Republic, nkhani ya kaloboti kofunafuna bwenzi lake m'mzinda wa zitsulo.

FUNSO: Laputopu yanga ndi yakale, magetsi amazima pafupipafupi ndipo data ndi yodula. Kodi pali magemu a nkhani amene ndingasewere popanda intaneti? Mnyamata wa ku Mufakose.

YANKHO: Achimwene, alipo ambiri, ndipo ukalamba wa makina anu si vuto, chifukwa magemu abwino a mtunduwu anapangidwira makompyuta ofooka kuposa foni imene muli nayo m'thumba. Yambani ndi pulogalamu yaulere ya ScummVM, imene inayamba mu 2001 ndipo imayendetsa magemu akale pa makompyuta a lero. Pa tsamba lake mungatenge mwalamulo ndi mosalipira Lure of the Temptress ya 1992, momwe mnyamata Diermot amathawa m'ndende ya m'mudzi wa Turnvale, ndi Beneath a Steel Sky ya 1994. Eni ake, a Revolution Software a ku England, anazipereka kwaulere, ndipo sizidya data yambiri. Mukakhala ndi khadi yolipirira pa intaneti, pitani ku sitolo ya GOG, chifukwa gemu yogulidwa kumeneko mumaitsitsa kamodzi, kuisunga pa flash ndi kuiika pa kompyuta popanda kulumikizanso. Kumeneko funani Loom ya 1990, momwe zonse zimachitika poimba tinyimbo tifupitifupi, kapena The Longest Journey ya 1999 yochokera ku Norway, nkhani yaitali ya mtsikana April Ryan woyenda pakati pa maiko awiri, ngakhale iyi ndi ya akuluakulu chifukwa cha mawu ena a m'kati mwake.

Pa nkhani ya magetsi, zolowerani kuseva, kutanthauza kusunga pamene mwafika m'gemu, kawirikawiri ndiponso m'mafayilo angapo. M'magemu a kampani ya Sierra, monga King's Quest, munthu amafa mosayembekezera, ndipo mukhoza kusiya kanthu koyambirira kamene kadzafunike kumapeto, n'kukakamizika kubwerera. A kampani ya LucasArts anasiya mchitidwe umenewo kuyambira pa Loom ndi The Secret of Monkey Island, choncho oyamba kumene ayambire kumeneko. Magemu okoperana m'misewu apeweni, popeza kawirikawiri amabwera ndi mavairasi.

FUNSO: Adzukulu a amene anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique akukula akulankhula Chishona ndi Chingerezi, Chichewa akungochimva kutchalitchi ndi pamaliro. Kodi n'zotheka kupanga gemu ya nthano zathu m'chilankhulo chathu popanda ndalama zambiri? Mphunzitsi wa ku Dzivarasekwa.

YANKHO: Aphunzitsi, n'zotheka, ndipo funso lanu landikhudza kuposa onse. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma mwana sakonda chilankhulo chifukwa chakuti chalembedwa m'malamulo. Amachikonda akamaseka nacho ndi kuchita nacho mantha m'nkhani. Anzathu ena a mu Africa ndi ena amene makolo awo anachokera mu Africa anayamba kale. Kampani ya Kiro'o Games ya ku Yaoundé, ku Cameroon, motsogozedwa ndi Olivier Madiba, inatulutsa Aurion: Legacy of the Kori-Odan mu 2016, ndipo mu 2024 kunatuluka Tales of Kenzera: Zau ya Abubakar Salim, nkhani ya mnyamata wolira bambo ake, imene ingamvedwenso m'Chiswahili.

Amenewo anafuna magulu a akatswiri ndi zaka zambiri, koma inu simukufunika zonsezo. Tengani Twine, pulogalamu yaulere imene Chris Klimas anaitulutsa mu 2009. Mumalemba ndime, pansi pake n'kuika zosankha ziwiri kapena zitatu, ndipo chilichonse chimatsegula ndime ina. Ndikulangizani njira imeneyi osati ija yakale yolemba malamulo pa kiyibodi, chifukwa mneni wa Chichewa amasintha maonekedwe kwambiri: mwana wina adzalemba kuti tsegula, wina tsegulani, wina ndikutsegula, wina mutsegulireni, ndipo kuphunzitsa kompyuta zonsezi ndi ntchito yaikulu. Zosankha zolembedwa kale zimathandizanso mwana amene amamva Chichewa koma sanazolowere kuchilemba.

Sankhani nthano imodzi yokhala ndi mphambano yeniyeni, monga ya mwana wamasiye wokumana ndi nkhalamba yopempha thandizo panjira, ndipo musafulumire kulanga wosankha molakwa ndi imfa. Msiyeni ayende ndithu aone zotsatira zake, chifukwa akangofa pa ndime yachiwiri adzatseka gemuyo. Za gule wamkulu, amene kuno amati zvigure, samalani nazo: zimene zimaoneka pabwalo mungazitchule mwaulemu, koma za kudambwe si zanu kapena zanga kuti tiziike pa sikirini, ndipo akuluakulu a mwambo afunsidwe kaye. Ana a m'kalasi mwanu atumeni kwa agogo awo akajambule nthano pa foni pamodzi ndi nyimbo zake, ena alembe ndime, ena ajambule zithunzi. Twine imatulutsa fayilo imodzi ya HTML (yotseguka ngati tsamba la pa intaneti), imene mungaitumize pa WhatsApp kwa makolo a ku Epworth kapena kwa abale a ku Dedza, ndipo ikangofika pa kompyuta imatseguka popanda intaneti.