Tebulo lozondotsa munthu pa vuto la msana

Funso: Ndimayendetsa minibasi pakati pa Salima ndi Nkhotakota, ndipo msana umandiwawa. Achimwene anditumizira inversion table, tebulo lozondotsa munthu lija. Ndiyambe bwanji?

Yankho: Bambo, yambani mwakayezetsa BP. Mutu ukaloza pansi BP imakwera, m'maso namonso mumapanikizika, choncho odwala BP, mtima, glaucoma (matenda a maso obwera chifukwa cha kupanikizika kwa m'diso) ndiponso amayi oyembekezera asakwerepo.

Ngati muli bwino, sunthani chitsulo chapakati chifanane ndi msinkhu wanu, apo ayi tebulo limatembenuka mwadzidzidzi. Mangani akakolo zolimba mutavala nsapato zazingwe. Lamba wapansi pa tebulo, amene amaliletsa kupendekeka kwambiri, mumufupikitse kuti mupendekeke madigiri 20 mpaka 30 okha, kwa mphindi 1 kapena 2, wina ataima pambali. Podzuka muzibwerera pang'onopang'ono kuopa chizungulire.

Ululu umangochepa kwa kanthawi. Mwendo ukayamba dzanzi kapena kufooka, lekani, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.